Kulemba n'kwa kalaliki, kulembetsa n'kwa mwini

Munthu woyenda pamsewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, akamadutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi mpaka kukafika pa Namadzi, maso ake sasowa chowerenga. Makoma a maokala, magolosale, zigayo, nyumba zometera ndi timashopu totumizira ndalama pafoni, onse ali ndi mayina olembedwa ndi penti wowala. Ambiri mwa mayinawo amathera ndi mawu a Chingerezi monga Investments, Enterprises ndi General Dealers, ndipo ena amafika podzitcha Company kapena Ltd. Mukalowa m'kati mupezamo munthu mmodzi, mashelefu atatu, sikelo ndi kope la ngongole. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, koma kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 350,000, ndipo minda inachepa kalekale. Malonda ang'onoang'ono a munthu payekha ndiwo akugula ufa, sopo ndi yunifolomu m'makomo ambiri. Chodandaulitsa n'chakuti mawu amene tikunena ndi kulemba pa malondawa kawirikawiri akusemphana ndi zimene zilipo.

Kuphonya mawu pocheza kumangoseketsa anthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuphonya mawu pa malonda kumadya ndalama, kumadanitsa abale, ndipo nthawi zina kumakathera kubwalo la milandu. Choncho pali mawu angapo amene aliyense wofuna kukhazikitsa malonda akeake ayenera kuwagwira bwino asanapite kuofesi, asanaitane wolemba chikwangwani, ndiponso asanatsegule kope la ngongole.

Woyamba ndi mneni amene nkhani yonse yakhazikikapo. Mumva wina akuti, "Mawa ndikupita ku Blantyre kukalemba bizinesi yanga." Mnzake ndiye amangoti, "Ndikufuna ndipange register." Onse awiri aphonya. Kulemba ndi ntchito ya amene wasunga kaundula, ndiye kuti kalaliki wa boma. Mwini malonda amalembetsa, kutanthauza kuti amachititsa kuti dzina lake ndi dzina la malonda ake zilowe m'kaundulamo. Tonse timadziwa kuti kholo limalembetsa mwana sukulu, wovota amalembetsa m'kaundula wa chisankho, ndipo mlimi amalembetsa dzina kwa alangizi. Nanga bwanji tikafika pa bizinesi lilime limaterereka?

Msintho wa mneni wosonyeza kuchititsawu si chokongoletsera. Pa malonda ndiwo umanena amene akupereka ndi amene akulandira. Wina amagula, wina amagulitsa. Wina amapikula, wina amapikulitsa. Wina amakongola, wina amakongoza. Chichewa chinakonzeratu zonsezi anthu asanayambe kuona fomu ya boma, ndipo amene wameza kachidutswa kamodzi ka mneni wasinthanitsa malo a anthu awiri.

Palinso kulembera, ndipo apa ndi pamene ambiri agwera m'mbuna. Mafomu olembetsera bizinesi ali m'Chingerezi, ndipo masiku ano zambiri zimachitika pa intaneti. Mayi wogulitsa zitenje ku Namitambo, poona zimenezi, amaitana mwana wa mchemwali wake amene anafika Fomu 4. "Iwe, tandilembera zimenezi, ine maso anayamba kuvuta." Mnyamatayo, mwina mopanda n'chiwembu chomwe, amaona kuti chiphaso cha unzika cha mayi aang'ono chatsala kunyumba, ndiye amaikapo nambala ya chiphaso chake, dzina lake ndi nambala ya foni yake. Madzulo amabwera n'kunena kuti, "Zatheka, ndalembetsa." Walembetsadi, koma m'dzina la yani? Anatumidwa kulembera, iye walembetsa. Kuyambira tsiku limenelo boma likudziwa kuti bizinesi ya zitenje ija ndi ya mnyamatayo, ndipo banki ikamatsegula akaunti idzafuna siginecha yake. Amene mwatuma munthu kuti akulembereni, mufunseni akuwerengereni mokweza mzere umene pali dzina la mwini.

Kampani ndi chinthu china

Masiku ano aliyense amene wagula chidindo ndi buku la malisiti akuti ali ndi kampani. Malamulo a dziko lino amasiyanitsa zinthuzi. Malonda a munthu mmodzi, komanso a anthu angapo ogwirizana, amalembetsedwa motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012, pamene makampani ali ndi lamulo lawolawo la Companies Act la 2013. Anthu a ku Chiradzulu akhala akupita ku ofesi ya Registrar General ku Blantyre pa zonse ziwiri, n'chifukwa chake ambiri amayesa kuti ndi chinthu chimodzi.

Pa bizinesi ya munthu mmodzi, lamulo siliona anthu awiri. Mwini ndiye bizinesi, bizinesi ndiye mwini. Phindu lonse ndi lake, ndipo safunsa munthu akafuna kukweza mtengo wa shuga kapena kutseka msanga kuti apite kumaliro. Koma ngongole nazonso ndi zake zonse. Golosale ikagwa ili ndi ngongole kwa wopikulitsa wa ku Limbe, wokongozayo sathera pa mashelefu ndi sikelo. Khoti likhoza kulamula kuti agwire njinga yamoto, mbuzi ngakhale ng'ombe ya mkaka ya mwiniyo, zinthu zimene sizinalowepo n'komwe m'golosalemo.

Kampani imaima payokha pamaso pa lamulo. Imakhala ndi chuma chake, imakongola m'dzina lake, imasumira ndi kusumiridwa m'dzina lake, ndipo imapitirira ngakhale woiyambitsa atamwalira. Mawu akuti Limited, amene amafupikitsidwa kukhala Ltd, amachenjeza aliyense wochita nayo malonda kuti udindo wa eni ake uli ndi malire: ikagwa, iwo amataya zimene anaikamo pogula masheya. Lamulo la 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kulembetsa kampani, koma amasenza udindo wosunga mabuku ndi kupereka malipoti chaka ndi chaka. Amene sanachite zimenezi, n'kungouza mmisiri kuti awonjezere zilembo zitatuzo pakhoma, wanamiza makasitomala ndipo wadzinamizanso yekha, chifukwa penti sasintha lamulo. Investments ndi Enterprises ndiye zokometsera dzina chabe, sizipatsa munthu ufulu kapena chitetezo chilichonse.

Sitikusowa mawu atsopano apa. Tinene kuti bizinesi ya munthu mmodzi, kapena malonda a munthu payekha. Anthu awiri kapena atatu akasonkherana mpamba, tinene kuti bizinesi ya mgwirizano. Alimi a ng'ombe za mkaka kapena a nandolo akalembetsa gulu lawo ku unduna woona za malonda kuti azigulitsira pamodzi, imeneyo ndi kopaletivi. Mawu akuti kampani tiwasungire chimene chilidi kampani.

Yanga kapena yathu?

Ulemu wa Chichewa umachulukitsa munthu. Mukafika paokala n'kupeza mwana, adzakuuzani kuti, "Eni ake atuluka," chikhalirecho mwini wake ndi mayi mmodzi. Bambo wolongosoka sanena kuti "golosale yanga" pamaso pa alamu ake, amati "kagolosale kathu." Kumeneko ndi kuleredwa bwino, ndipo pasapezeke wofuna kukuthetsa. Koma ulemu wa pakamwa ukalowa papepala umasanduka chisokonezo, chifukwa fomu ikafunsa mwini imafuna dzina, ndipo khoti likamva "yathu" limafunsa kuti inuyo ndi yani.

Ku Chiradzulu funso limeneli ndi lolemera kwambiri chifukwa cha chikamwini, chimene Alomwe, Ayao ndi Anyanja a m'bomali amatsata. Taganizirani mkamwini amene wabwera ndi ndalama kuchokera ku Joni. Wamanga okala pamalo a mbumba ya kuchikazi, m'mphepete mwa msewu. Malata anathandiza ndi mlamu wake. Amene amakhala pakauntala tsiku lonse ndi mkazi wake, amenenso anawonjezera katundu ndi ndalama za kubanki mkhonde. Zinthu zikuyenda, aliyense akuti "okala yathu," ndipo palibe akunama. Tsiku limene banja lagwedezeka, kapena mmodzi watsikira kuli chete, ankhoswe ndi amfumu amapeza kuti m'mawu amodzi aja munabisala zinthu zitatu: malo, nyumba ndi katundu wa malonda. Chilichonse chikhoza kukhala ndi mwini wakewake.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaikidwa kuti liteteze mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana kwa achibale olanda katundu. Koma lamulolo limagawa zimene zinali za malemu, ndiye poyamba pamafunika kudziwa kuti zake zinali ziti. Bizinesi ya munthu mmodzi siipitirira payokha mwini akamwalira. Katundu wake amalowa m'chuma cha masiye. Choncho banja likambirane dzuwa likadalipo. Ngati bizinesi ndi ya mmodzi, ilembetsedwe m'dzina lake ndipo onse adziwe. Ngati ndi ya awiri, ailembetse monga mgwirizano, n'kulemba zimene aliyense waikamo ndi gawo la phindu limene adzatenge. Pakamwa pitirizani kunena kuti "yathu." Papepala, "yathu" akhale ndi mayina.

Chimodzimodzi ndi mawu akuti "akundithandiza." Mphwanu amene amatsegula shopu mmamawa uliwonse n'kutseka usiku, chaka chathunthu, kodi akukuthandizani kapena mwamulemba ntchito? Kulemba munthu ntchito kumabwera ndi malipiro, ndipo boma limaika malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito sayenera kutsika pansi pake. Milandu yambiri ya pachibale imayamba pamene wina ankati akuthandizidwa, mnzake akuwerenga miyezi.

Mapepala ndi msonkho

"Mapepala ndili nawo," amatero wamalonda akaona anthu a yunifolomu. Mapepala ake ati? Mawu amodziwa akuphimba zinthu zosiyana zochokera ku maofesi osiyana. Satifiketi ya bizinesi imachitira umboni kuti dzina la malonda ndi la mwini zili m'kaundula wa boma. Nambala ya wokhoma msonkho, imene anthu amaidziwa kuti TPIN, imachokera ku Malawi Revenue Authority. Laisensi yochitira malonda pamalo akutiakuti imafunsidwa kukhonsolo, ndipo tikiti ya pamsika ndi ya tsiku limenelo lokha. Ogulitsa mowa, mankhwala ndiponso ogula mbewu kwa alimi amafunikanso chilolezo chapadera, pamene sikelo imayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Kukhala ndi chimodzi sikukhululukira kusowa chinzake. Tizitchula chilichonse ndi dzina lake, kuti wamalonda adziwe chimene ali nacho ndi chimene chatsala.

Mawu akuti msonkho nawo tawasenzetsa katundu wambiri. Ndalama ya tikiti ya pamsika timati msonkho, ya laisensi timati msonkho, yolipira polembetsa timatinso msonkho. Kenaka timadabwa kuti anthu akuthawa kulembetsa. Mawuwa ali ndi mbiri yowawa, makamaka m'boma lino. Msonkho wa nyumba umene atsamunda anayambitsa m'zaka za m'ma 1890 unkatoleredwa mwankhanza, olephera kukhoma ankawatenthera nyumba, ndipo unakankhira anthu ku thangata m'minda ya azungu monga ya A. L. Bruce ku Magomero. John Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'chaka cha 1900, ankalimbikitsa anthu ake kuphunzira maluso ndi kudziimira paokha, ndipo nkhanza za m'mindamo zinali zina mwa zimene zinabutsa kuukira kwa pa 23 January 1915. Mdzukulu wa anthu amenewo akamva kuti kulembetsa ndi msonkho, mtima umayamba wathawa mutu usanaganize.

Mneni wa mawu akuti msonkho ndi kusonkha, monga timasonkha ufa pamaliro kapena nkhuni pamoto. Bungwe lotolera misonkho linasunga mawuwa, likulu lake ku Blantyre n'kulitcha Msonkho House, ndipo linachita bwino. Chofunika n'chakuti tisawamwaze paliponse. Msonkho ndi umene munthu amakhoma ku boma malinga ndi zimene wapindula kapena wagulitsa. Ndalama yolembetsera ndi malipiro a ntchito imene ofesi yakuchitirani. Akatswiri a World Bank, Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie, anachita kafukufuku pa mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 a mu Blantyre ndi Lilongwe. Anapeza kuti anthu atathandizidwa kulembetsa bizinesi mwaulere ambiri anavomera, koma olembetsa za msonkho anali ochepa kwambiri. Anapezanso kuti satifiketi payokha sinasinthe malonda kwenikweni. Amene malonda ndi phindu lawo zinakwera ndi aja amene, atalembetsa, anakumanitsidwa ndi a banki n'kutsegula akaunti ya bizinesi. Phunziro lake n'lakuti pepala limagwira ntchito likathandiza munthu kulekanitsa ndalama za malonda ndi za pakhomo.

Mpamba, phindu ndi mneni kupanga

Kulekanitsa kumeneku kumayambira pakamwa. Chichewa chili ndi mawu awiri omveka bwino: mpamba ndi phindu. Mpamba ndi ndalama kapena katundu woyambira, amene ayenera kubwerera m'malonda. Phindu ndi chotsala mukachotsa mpamba ndi zonse zimene mwawononga pogulitsa. Ana a masiku ano akamva mpamba amaganiza za ndalama za pafoni, poti kampani ya TNM inatcha choncho njira yake yotumizira ndalama, koma tanthauzo lakale lija likadalipo ndipo ndi lofunika kuposa kale.

Amene amasokoneza ndi mneni kupeza. Tiyerekeze mayi wa tomato pa Mbulumbuzi. Wapikula dengu pa K30,000, wakabaza wamulipira K2,000, tikiti ya msika ndi zina zing'onozing'ono zadya K1,000. Pofika madzulo m'chitenje mwake muli K40,000, ndipo amauza bambo a kunyumba kuti, "Lero ndapeza fote." Bambo aja akamva choncho amakumbukira fetereza, mwana amakumbukira nsapato, apongozi amakumbukira kuchigayo. Koma mayiyu wagulitsa za K40,000, wapindula K7,000 yokha. Akananena kuti "ndagulitsa zakuti, ndapindula zakuti," pakhomo pakanakhala mtendere ndipo mawa akanapikulanso dengu lodzaza. Akuluakulu a malonda amati uyu wadya mpamba, ndipo kudya mpamba kumayamba tsiku limene munthu watcha ndalama zonse za m'thumba kuti "zanga." Poti lamulo silisiyanitsa mwini ndi bizinesi yake, kusiyanitsako kwatsalira mwiniyo.

Pamenepa tidandaulenso za kupanga, mneni amene wameza anzake onse. Tikumva kupanga bizinesi, kupanga phindu, kupanga ndalama, kupanga oda, kupanga apply. Kupanga ndi kwa mmisiri: kalipentala amapanga mpando, wowotcherera amapanga chitseko. Malonda timachita, bizinesi timayendetsa, katundu timapikula kapena kuitanitsa, chilolezo timapempha, mtengo timanenerera, phindu timapeza, kapena tingoti timapindula. Ndalama za dziko lino amatulutsa ndi a Reserve Bank of Malawi okha, ndipo munthu wamba wopezeka akupanga ndalama malo ake ndi kupolisi. Wamalonda amene mawu ake onse ndi kupanga amalephera kufotokozera wa banki kapena wa bungwe lokongoza ndalama chimene amachita kwenikweni, pamene amene akuti "ndimapikula nandolo kwa alimi a ku Thumbwe, ndimasankha, n'kukagulitsa ku Limbe" wanena bizinesi yonse m'mpweya umodzi.

Kope la ngongole

Pafupifupi okala iliyonse ili ndi chenjezo loti wangongole abwere mawa, komabe pansi pa kauntala pali kope. Tsegulani muone. "Make Joni, shuga 1, sopo 2." "Aphunzitsi, 5,000." "Achimwene a njinga, anabwereka." Palibe tsiku, palibe dzina lenileni, ndipo mzere wachitatuwo sukunena kuti wapatsa mnzake ndani.

Makolo ankasiyanitsa kubwereka ndi kukongola. Timabwereka chinthu chimene tidzabweze chomwecho: khasu, njinga, wilibala. Timakongola chinthu chimene tidzagwiritse ntchito n'kutha, n'kudzabweza china cholingana nacho: ndalama, ufa, mchere. Wopereka khasu wabwereketsa, wopereka ndalama wakongoza. N'zoona kuti pakamwa timati "tandibwerekani cholembera," ndipo aliyense amamva. Koma taonani chiganizo ichi: "Ndinawabwereka K20,000." Ena amva kuti ndinawapatsa, ena amva kuti ndinatenga kwa iwo. Pabwalo la amfumu chiganizo chotere chimatha tsiku lonse. Polemba tisankhe mawu osakhota: "Ndakongoza a Uje K20,000 pa 3 June, adzabweza pa 30 June," kapena "Ndakongola K20,000 kwa a Uje." Wokongolayo asayine pambali.

Mawu ena a m'banja lomweli ndi chiwongoladzanja, chikole ndi katapira. Chiwongoladzanja ndi ndalama yapamwamba imene wokongola amawonjezera pobweza, ndipo polemba pamafunika kunena ngati ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, chifukwa ambiri alira atasayina osafunsa. Chikole ndi katundu amene mwalonjeza kuti atengedwe mukalephera kubweza. Katapira ndi ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyezo, ndipo kumutcha "thandizo" kapena "kandalama ka changu" sikumuchotsa mano. Kwa mwini bizinesi ya munthu mmodzi mawu atatuwa ndi oopsa koposa, popeza taona kale kuti wokongoza akhoza kufika mpaka kukhola.

Dzina limodzi, kalembedwe kamodzi

Tsopano tibwere kwa mmisiri wa zikwangwani. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linawatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchito yosamala zinenero ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, mtunda wosakwana tsiku kuchokera pa Namadzi. Komabe makoma athu akulemba zawozawo.

Kuno kummwera ambiri timafewetsa mawu polankhula. Timati kugulisa, zina, sima, khuku, tchito. Palibe mlandu, ndi mmene tinayamwira, ndipo lilime la Chilomwe ndi Chiyao lili ndi ulemu wake. Koma polemba pakhale kugulitsa, dzina, nsima, nkhuku, ntchito. Chilembo r chimabwera pambuyo pa i ndi e m'kati mwa tsinde la mawu, n'chifukwa chake timalemba takulandirani, mchere ndi kubwereka, pamene kugula, malonda ndi sitolo zimatenga l. Kankhodolero kamaima m'malo mwa u wa mu wosonyeza malo, monga m'sitolo ndi m'mudzi. Mawu ngati mkaka, mlimi ndi mpunga safuna kankhodolero, choncho chikwangwani cha "Tikugula m'kaka" chili ndi chilema. Ndipo zilembo ziwiri zokha zimatembenuza uthenga wonse. Mayi wina anafuna kuti shopu yake ikhale Tithandizane, mawu oitana anthu kuti agwirane manja. Mmisiri n'kulemba Tithandizeni, mawu a munthu wopempha.

Wina anganene kuti kasitomala amagula sopo, sagula sipelo. Zoona, koma banki imawerenga chilembo chilichonse. Ngati satifiketi ikuti Madalitso, chidindo chikuti Madaliso, ndipo lisiti likuti Madalitso Investment popanda s wa kumapeto, sukulu kapena chipatala chimene mwaperekako nyemba chidzalemba cheke m'dzina limene akaunti yanu siikulidziwa. Dzina la mwini nalo lifanane ndi la pachiphaso cha unzika, chimene a National Registration Bureau anayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017. Mphatso, Mphaso ndi Mpatso ndi anthu atatu pa kompyuta. Amene akufuna kudzagulitsa katundu ku maofesi a boma adzafunikanso kulembetsa ku bungwe la PPDA loona za kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo kumeneko mapepala onse amaikidwa pamodzi n'kuyerekezedwa. Musanaitane mmisiri, lembani dzina papepala monga liliri pa satifiketi, mupatse mphunzitsi wa Chichewa wa pasukulu yapafupi aliwone, ndipo mmisiriyo akopere chilembo ndi chilembo.

Posankha dzinalo, kumbukirani kuti ofesi imayamba yafufuza ngati wina sanalitenge kale, ndiye ndi bwino kupita ndi mayina awiri kapena atatu. Mayina ngati Chisomo ndi Madalitso ali pamsika uliwonse. Dzina la phiri, la mtsinje, la mudzi kapena mawu okoma a Chilomwe ndi Chiyao amakusiyanitsani ndi ena, ndipo amaposa Chingerezi chothyoka chimene mwini wake sangachimasulire.

Pasakhale wondimva ngati ndikudana ndi mawu obwereka. Bizinesi, sitolo, golosale, banki, lisiti, laisensi ndi akaunti analowa kale m'mudzi, ndipo amamvera malamulo a Chichewa: timati bizinesi yanga, mabizinesi athu, lisiti langa, malisiti anga. Mawu obwereka amene atchula chinthu chatsopano amalemeretsa chinenero. Amene amachisaukitsa ndi aja othamangitsa mawu athu omveka bwino, monga "kupanga register" pamalo pa kulembetsa, ndi aja ovala ulemu umene si wawo, monga kampani pamalo pa okala.

Udindo wina uli ndi maofesi. Chichewa chinalengezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, koma mpaka lero mayi wa zitenje uja akufunika womasulira kuti auze boma lake dzina la malonda ake. Khonsolo ya Chiradzulu, ofesi yolembetsa mabizinesi ndi a misonkho angathe kukhala pansi ndi akatswiri a ku Centre for Language Studies n'kutulutsa tsamba limodzi la Chichewa chomveka, lofotokoza kusiyana kwa bizinesi ya munthu mmodzi, mgwirizano ndi kampani, pepala lililonse ndi ofesi yake, ndi ndalama zoyenera kulipira. Tsambalo likhomedwe pa Mbulumbuzi, pa Namitambo, pa Nguludi ndi paboma, ndipo liwerengedwe pa wayilesi. Podikira zimenezo, wamalonda aliyense asasayine pepala lililonse asanayankhidwe mafunso atatu m'chinenero chimene amamva: chalembedwa m'dzina la yani, ndalama imene ndikupereka ndi ya chiyani, ndipo zinthu zikavuta adzabweza ndani.